Tiyi Wothyola Tsiku la Maliro

1. Nambala ya a Zakeyu

Lolemba m'mawa a Zakeyu anafika pa shedi yoyezera tiyi atasenza thumba limodzi, akutsimphina monga mwa masiku onse. Anali bambo wokalamba wa kutsidya kwa mtsinje, mwini kamunda kakang'ono kochita malire ndi munda wa esiteti.

"Moseliwa, mdzukulu," anapereka moni wa Chilomwe.

Teleza anayankha moniwo, napachika thumba pa sikelo. Mtsikanayu anamaliza Fomu 4 chaka chathachi, ndipo kalabu ya alimi a tiyi ya Tikondane, kwa Khwethemule, inamulemba ntchito yothandiza kalaliki. Iye ndiye ankayeza masamba ndi kulemba pa foni ya ntchito.

Analemba nambala ya a Zakeyu. Foni inakana. Analembanso. Inakananso, n'kutulutsa mawu ofiira.

"Yatani? Netiweki yathawa?" anafunsa a Zakeyu.

"Si netiweki, agogo."

"Nanga werenga timve. Ine maso anapita kale."

Teleza anawerenga ndi mawu otsika. "Lachisanu nambala iyi inabweretsa matumba asanu ndi anayi. Munda wake umabala matumba awiri. Nambala yaimitsidwa. Mwini munda afotokoze kumene anatenga masambawo pofika Lachinayi nthawi ya thwelofu."

A Leonard, kalaliki wamkulu, anabwera akutafuna chimanga chootcha.

"Madala, zavuta izi. Alonda a pa esiteti akuti sabata yomweyo wina anathyola m'munda wa kampani. Inu ndinu a m'malire. Mukuona mmene anthu akuganizira? Likapyola Lachinayi akuchotsani mu kalabu. Mwinanso apolisi akuyenderani."

"Ine kuba?" anatero a Zakeyu. "Zaka makumi atatu ndinagwira pa esiteti, ngakhale chikwanje chobuntha sindinapite nacho kwathu."

"Nanga matumbawo anagwa ndi mvula?"

A Zakeyu anayang'ana Teleza kamodzi kokha. Anatsitsa thumba lawo pa sikelo, nalisenza, nabwerera nalo. Masamba a tiyi akagona m'thumba tsiku limodzi amapsa, amafiira, ngakhale mbuzi siwafuna. Onse a pa shedi ankadziwa kuti nkhalambayo yasenza zinyalala.

2. Chimene chinachitika Lachisanu

Tsono ndikuuzeni, ana inu, musanayambe kuganiza kuti nkhalambayi inabadi.

Mwezi wa February umenewo m'mudzi mwa Teleza munagwa maliro atatu motsatizana. Achitatuwo anali a a Malizani, amuna awo a Leah. Mwambo mukuudziwa. Pamudzi pakagwa maliro khasu limagona, dengu limagona, mpaka malemu aikidwe. Wopezeka m'munda amalipira nkhuku kapena mbuzi, koma chindapusa si kanthu. Chowawa ndi dzina. Amakutcha wouma mtima, ena amati mfiti, ndipo tsiku la maliro a kwanu anthu amabwera kudzangokhala, nyimbo osaimba.

Mwambowo ndi wabwino, sindikutsutsa. Koma anaukonza anthu olima chimanga. Chimanga chimadikira. Tiyi wa dzinja sadikira munthu. Sabata ikangopyola nsonga zanthete zija zimakhwima, ndipo fakitale imakana. Amuna amene amakhala pa mabenchi pamaliro, kukambirana za mpira, mukuganiza kuti sadziwa zimenezi? Amadziwa bwinobwino. Kungoti si iwo amene ana amawakoka chitenje kufunsa chakudya.

Ndiye Lachisanu kutangocha, mtembo wa a Malizani uli m'nyumba, amayi atatu anazemba. Anali a Anesi, mayi ake a Teleza, amene amuna awo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndi anzawo awiri, a Rachel ndi a Daisy. Anathyola mothamanga, nawoloka mtsinje pa miyala, nakasiya matumba kwa a Zakeyu, chifukwa m'mudzi wa kutsidyawo munalibe maliro. Pofika teni koloko anali atabwerera pa siwa, akuphika ndi kuimba ngati wina aliyense.

A Zakeyu anabwereka wilibala, naika matumba awo awiri pamwamba pa matumba asanu ndi awiri a amayi aja, napita nawo ku shedi.

Tsikulo a Leonard anali kumanda. Teleza anali yekha pa sikelo, poti ntchito yolembedwa mwambo suigwira. Thumba la mayi ake analizindikira, chigamba chake anasoka yekha. Komabe analemba matumba onse pa nambala ya a Zakeyu. Musamuikire kumbuyo kuti ndi mwana. Ankadziwa.

3. Buku lopanda labala

Kale zoterezi sizikanamveka n'komwe. Kalaliki ankalemba ndi pensulo, ndipo pensulo ili ndi labala kumbuyo. Labala ameneyo anadya makilo a anthu osauka kwa zaka zambiri, ndipo ukadandaula ankakuonetsa buku loyera bwino.

Pano kuli buku lina. Ophunzira amalitcha blokucheni, alimi amangoti buku la tcheni. Si la pepala, limakhala m'makompyuta. Eni ake ndi asanu: kalabu ya alimi, fakitale, a malole, oyendera minda, ndi ogula tiyi a kunja. Aliyense amasunga lake, koma onse asanu amalemba mzere womwewo nthawi imodzi. Si msika woti aliyense angolowa. Wolowa amachita kuvomerezedwa ndi anzake, napatsidwa kiyi, ndiye kuti manambala achinsinsi osonyeza kuti walemba ndi uje. Mzere ukalowa umalumikizidwa ku mzere wa m'mbuyo ngati tcheni cha njinga. Ukangochotsapo kamodzi, anayi enawo amaona kuti kwa iwe kwaduka.

Alimi atabalalika, a Leonard anakokera Teleza pambali.

"Mlongo, ine ndine wakale pano. Ndimadziwa mmene matumba amayendera tsiku la maliro."

"Ndiye fufutani, achimwene."

"Ndifufute ndi chiyani, mano? Ndikafufuta kuno, ku fakitale lilipo, kwa a malole lilipo, kwa azungu lilipo. Iwe mvera kuno. Khala chete. Madalawo akalamba, kamunda kawo n'kofanana ndi mphasa ziwiri. Ukatsegula pakamwa akulanda kiyi, ntchito yatha, ndipo amayi ako mudzi uwalavula. Nkhalamba imodzi kapena mabanja atatu. Paja masamu unakhoza."

Masana kunabwera a Miriam pa njinga yamoto. Iwo ndi mlangizi wa alimi wochokera ku fakitale. Teleza anawatsatira kuseri kwa shedi, pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Madamu, munthu akalemba zolakwika m'buku la tcheni, amakonza bwanji?"

"Munthu wake uti?"

"Munthu chabe."

A Miriam anavula chipewa cha njinga, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu chabe ameneyo ukamuuze izi. Mzere wolakwika suchoka. Amalemba mzere wina pansi pake, ndi kiyi wake, kunena kuti apa ndinalakwitsa, choona ndi ichi. Kenaka mwini thumba aliyense amaika chala pa foni kuvomera thumba lake. Matumba onse, osati ena. Zikatero ife a fakitale timavomera, oyendera minda amavomera, nambala imatseguka."

"Mayina amaona ndani?"

"A kalabu ndi ife basi. A malole amaona kulemera kwa katundu. Ogula amaona manambala a minda, kuti adziwe kuti tiyi wachokera m'minda yoyenderedwa, osati wakuba. Mudzi suona kanthu, ulibe kiyi. Koma pakamwa pa anthu ndilibe loko wake, ndisakunamize."

"Nanga wolembayo?"

"Ameneyo komiti imamuitana. Akhoza kulandidwa kiyi, akhoza kukhululukidwa. Ndipo ukamuuzenso ichi, chifukwa achinyamata mumaganiza kuti makina ndi mneneri. Bukuli silidziwa choona. Silinapiteko kumunda. Limangosunga chimene mwaliuza. Mukaliuza zoona lisunga zoona, wina sangazibe. Mukaliuza bodza lisunga bodzalo mokhulupirika mpaka zidzukulu zanu zidzaliwerenge. Lero lasunga kuti a Zakeyu ali ndi matumba amene munda wawo sungabale. Amene analipatsa mawu amenewo ndi munthu, ali ndi dzina."

Anavala chipewa chawo, naliza njinga.

4. Mawu a a Anesi

Teleza anapeza mayi ake pakhonde akusenda chinangwa. Anawafotokozera zonse, osasiya kanthu.

A Anesi anabaya mpeni pa chinangwa.

"Ndiye ukufuna ukandilembe m'buku la azungu kuti ndinathyola tiyi a Malizani ali gone m'nyumba? Iwe mwana iwe, khala pansi. Khala pansi ndikuuze, poti kusukulu sanakuphunzitse.

"Mudzi uno ndi umene unakumba manda a bambo ako. Osati fakitale. Osati madamu ako a njinga yamoto. Tsiku limene ine ndidzagwe, amene adzandisambitse ndi amayi a m'mudzi muno, foni yakoyo sidzabwera ndi sopo. Munthu wosauka chuma chake ndi anthu obwera pa maliro ake. Ukawataya amenewo watsala ndi chiyani? Iwe mawa ukwatiwa upita, kapena upita ku Blantyre kukavala nsapato zazitali. Ine ndikhala pompano, kutunga madzi pa mjigo womwewu, amayi akusiya kuyankhula ine ndikafika.

"Ukuganiza kuti ndinathyola chifukwa chokonda tiyi? Ndimadana naye tiyi ameneyu! Wandithyola msana, wanding'amba zala. Koma maliro atatu, Teleza. Masabata awiri dengu lili pakhoma. Mlongo wako Fomu 2 akanaimaliza ndi chiyani, nyimbo za maliro? Amene anaika lamulo loti tisathyole, ndi uti anabwera kudzafunsa kuti amake Teleza, mwadya? Palibe! Tsono lero mwana amene ndinamubereka ndekha ndiye akhale mboni yondipachika?"

Teleza anadikira mpaka mayi ake atapuma.

"A Zakeyu abwerera ndi thumba lawo lero, amayi. Masamba apsa."

"Ndawamva."

"A Leonard anawafunsa pagulu kumene anatenga matumba. Anawatchula wakuba. Iwo sanatchule dzina lanu."

A Anesi anatola mpeni, nayamba kusenda mwamphamvu moti theka la chinangwa linkapita ndi makoko.

Lachiwiri m'mawa, alimi asanafike, Teleza anatsegula foni ndi kiyi wake. A Leonard anasuzumira paphewa pake akulemba.

"Ine Teleza, Lachisanu ndinalemba matumba asanu ndi anayi pa nambala imodzi. Awiri okha ndiwo a mwini nambalayo. Enawo ndi a alimi ena a kalabu yathu. Ndinalemba ndikudziwa. A Zakeyu sanabe."

"Iwe, iwe, iwe! Usadine!" anakuwa a Leonard. "Chimenecho sichidzachoka. Ukadzafuna ntchito kwina adzachiona."

"Cha a Zakeyu chidzachoka?"

Anadina. Mzere unalowa m'mabuku onse asanu.

A Leonard anagwira m'chiuno. "Koma atsikana a masiku ano. Munthu kudziwotcha wekha, machesi kugula wekha."

Madzulo Teleza anauza mayi ake mawu ochepa. "Dzina lanu sindinalembe. Ndalemba langa. Chala ndi chanu, sindingachikoke."

A Anesi anamutembenuzira msana. Tsiku limenelo ndiwo anathira mchere kawiri.

5. Matumba awiri opanda mwini

Lachitatu lole itapita, pa shedi patatsala Teleza ndi a Leonard, kunamveka phokoso m'njira. Anali a Anesi, atagwira a Daisy pa mkono ngati mwana wothawa jakisoni. A Rachel ankatsatira m'mbuyo atafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo.

"Ndisiyeni, amake Teleza, ndiyenda ndekha!"

"Uyenda wekha kubwerera. Ndimakudziwa. Pothyola unali patsogolo, lero miyendo yatupa?"

Atafika, a Anesi analoza a Leonard.

"Iwe Leonard, pita ukaone ngati kukubwera mvula."

"Kulibe mtambo, amayi."

"Ukaudikire."

A Leonard anapita akung'ung'udza.

"Bweretsa chinthu chakocho," anatero a Anesi. "Dzulo ndinawoloka kukawaona a Zakeyu. Ndinawapeza akukwirira masamba awo m'dzenje la manyowa. Anandipatsa mpando, anandipatsa nthochi. Nthochi! Akanandinyoza bwenzi ndikugona bwino. Ndiike pati chalachi?"

Teleza anawaonetsa. A Anesi anavomera matumba awiri. A Rachel awiri.

"Amuna anga akamva, ine kwanga kwatha," ananong'ona a Rachel. "Paja a Malizani anali mnzawo wa ubwana."

"Sopo amene akusambira amuna akowo anachokera kuti?" anawadula a Anesi. "Ika chala."

A Daisy anavomera limodzi. Teleza anawerenga. Awiri a a Zakeyu, awiri, awiri, limodzi.

"Asanu ndi awiri. Atsala awiri. Ndi a ndani?"

Amayi atatu aja anayang'anana.

"Lemba pa ine," anatero a Anesi msanga. "Munda wanga ndi waukulu, makina akowo sadabwa."

Zinali zoona. Munda wa a Anesi ukanatha kubala matumba anayi, ndipo buku likanalandira osafunsa. Nthawi inali ikutha. Chala chimodzi chokha, a Zakeyu akanamasuka tsiku lomwelo.

"Ndi anu, amayi?"

"Ndati lemba pa ine."

"Ndafunsa ngati ndi anu."

"Ndi a a Leah," anaphulika a Daisy. "Aaa, ine zobisa zandikwana."

Teleza anatsegula pakamwa. A Leah, mkazi wa malemu, amene tsikulo anali m'nyumba pambali pa bokosi.

A Anesi anakhala pa benchi. Mawu awo anatsika, koma ukali sunathe.

"Bambo ako atamwalira ndinakhala pa mphasa masiku asanu ndi anayi. Anthu anabwera, analira, anadya, anapita. Nditatuluka ndinapeza tiyi wanga wasanduka mitengo. Mwezi wonse sindinagulitse kanthu. Mudzi wonse unandilirira, koma panalibe mmodzi amene anaganiza zondithyolera mzere umodzi. Ndiye ndinalumbira kuti mkazi mnzanga sadzaona zimene ndinaona ine. Lachisanu tinayambira m'munda mwa a Leah, tisanakhudze yathu. Timati pakutha pa mwezi tikawapatsa zawo mwakachetechete, tidzati ndi chipepeso. Iwo sakudziwa. Ukufuna ndikamuuze namfedwa kuti tinali m'munda mwake mwamuna wake asanaikidwe? Lemba pa ine, Teleza. Bodza ili ndi lachifundo."

"La Lachisanu linalinso lachifundo, amayi. Onani pamene lawafikitsa a Zakeyu."

"Usandiphunzitse!"

"Sindikukuphunzitsani. Feteleza wa chaka chamawa amagawa poona makilo a pa nambala. Ndikalemba pa inu, feteleza wa a Leah abwera kwa inu. Buku lidzati munda wawo unagona, wanu unabala. Lidzatero chaka chino, chaka chamawa, mpaka kalekale. Mwawathyolera tiyi kuti muwalandenso?"

A Rachel anavundukula chitenje kumutu.

"Mwanayu akunena zoona, amake Teleza."

"Ndamva, sindine gonthi," anatero a Anesi. Anaimirira, nakung'untha chitenje. "Mawa m'mawa tipita kwa a Leah. Ndipo iwe ukanyamule foni yakoyo wekha, ine sindiigwira."

6. Pa mphasa ya a Leah

Lachinayi Teleza ndi amayi atatu aja anafika kwa a Leah dzuwa litakwera. Panja panali phulusa la moto wa maliro ndi mabenchi awiri a tchalitchi amene anali asanabwezedwe. Pambali pa nyumba a Jacob, mng'ono wa malemu, ankamata chubu cha njinga. Anawapatsa moni, ndipo amayiwo analowa.

A Leah anali pa mphasa, atafunda nsalu yakuda. Chiikireni maliro anali asanatuluke pakhomo, poti mwambo wometa unali Loweruka.

A Anesi anagwada pamaso pa a Leah. Sanazungulire.

"Amake Fraser, tabwera ndi mlandu, olakwa ndife. Lachisanu, achimwene a Malizani ali gone m'nyumba muno, ife atatu tinathyola tiyi. Wathu, ndi wanu womwe. Tinagulitsa pa nambala ya a Zakeyu a kutsidya. Lero akuwachotsa mu kalabu ngati akuba, pokhapokha inu muvomere ndi chala kuti matumba awiri ndi a m'munda mwanu. Mukafuna kutitukwana titukwaneni, koma mofulumira, nthawi ndi thwelofu."

A Leah anayang'ana a Anesi, a Rachel, a Daisy, mmodzimmodzi. A Rachel anayamba kulira.

"Mizere ya kumunsi, ya kufupi ndi nsungwi," anatero a Leah potsiriza. "Munathyolanso?"

"Yonse."

A Leah anaphimba nkhope ndi nsalu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Teleza anaganiza kuti akulira, ndipo ankaliradi, koma ankasekanso.

"Sabata yonse ndakhala pano," anatero akupukuta m'maso. "Anthu akuti taonani mmene akuwalirira amuna awo. Ndikuwaliradi. Koma theka la misoziyi ndi la tiyi. Ndimati ndikatseka maso ndikuona nsonga zikukhwima, kenaka ndikuchita manyazi kuti ndine mkazi wanji, mwamuna ali m'manda ine ndikuganiza za dengu. Sindikanauza munthu. Inu a Anesi, mfiti inu, bwanji osandinong'oneza tsiku lomwelo kuti mtima ukhale pansi?"

"Ndikanakunong'onezani pati, apongozi anu atakukhalirani pa mwendo?"

"Bwera nacho kuno, mwanawe."

Teleza anagwada, napereka foni. A Leah anapukuta chala pa nsalu, nadinda. Matumba asanu ndi anayi anakwana, lililonse ndi mwini wake.

Koma m'nyumbamo munalibe netiweki. Teleza anatuluka chothamanga, nakwera pa chulu cha kuseri, foni ili m'mwamba. Nthawi inali itapyola leveni. Mzere unapita. Anadikira. Fakitale inavomera. Anadikiranso, thukuta likutsika m'khosi. Oyendera minda anachedwa, monga amachitira anthu okhala m'maofesi. Kutatsala mphindi makumi awiri, nawonso anavomera.

Mawu ofiira aja anachoka pa nambala ya a Zakeyu.

Pansi pake panabwera uthenga wina, wa a Miriam. "Komiti ikukufuna Lolemba. Kiyi wako aima mpaka tsikulo. Ine ndidzakhalapo, ndipo ndidzayankhula."

Potsika pa chulu anapeza a Jacob ataima pakhomo, chubu chili m'manja. Khoma la nyumbayo linali lopyapyala, ndipo a Anesi sadziwa kunong'ona.

"Ndamva zonse," anatero a Jacob. "Achimwene anga ali m'bokosi, inu muli m'munda mwawo ndi madengu. Loweruka pometa mudzabwereze mawu amenewa pamaso pa abale onse."

A Anesi anatsegula pakamwa, koma wina anawatsogolera. A Leah anali ataimirira pakhomo, dzuwa likuwawomba kumaso koyamba m'sabata yonse.

"Alamu, mundawo ndi wanga, anandisiyira amayi anga. Achimwene anu anaupeza. Loweruka woyamba kuyankhula ndidzakhala ine, ndipo ndidzafunsa kuti mwa onse amene anadya pano, anandithandiza ndani." Anatembenukira kwa Teleza. "Iwe ukuimiranji? Thamanga ukawauze a Zakeyu athyole, lole ya masana isanapite."

Teleza anathamanga kutsetsereka, kudutsa m'mizere ya tiyi, mpaka pa mtsinje. Sanadikire kuwoloka.

"Agogo! Agogo! Yatseguka!"

Kutsidya, mutu wa imvi unadzuka pakati pa tiyi. A Zakeyu anali ndi dengu kumsana, ndipo linali litadzaza kale theka.

"Ndakumva, usang'ambe kukhosi!" anakuwa. "Ndinayamba m'mawa. Ndinati mwana wa a Anesi ndi wamakani ngati amake, ndithyoleretu. Tawoloka udzandithandize, lole sidikira opunduka!"

Teleza anapinda siketi, naponda mwala woyamba. Ali pakati pa madzi anacheuka kuyang'ana kumtunda. A Jacob anali atakwera njinga yawo. Koma sanalowere njira ya kwawo. Anakhotera kumanzere, nakaima pakhomo pa a Rachel, pamene amuna awo ankanola chikwanje pa mwala, asakudziwa kanthu.